Makina Ojambulira za pa Kanema: Tiyang'ane Chiyani Tisanagule?

Mzime wathu anaonekera pa wailesi ya kanema pamodzi ndi anzake a kusukulu, akulakatula ndakatulo kwa mphindi zitatu zokha. Mnansi wathu wina anatijambulira pa chimbale cha DVD, ndipo Loŵeruka lotsatira tinanyamula chimbalecho kupita nacho kumudzi kuti agogo ake akaone. Anthu anasonkhana, mphasa zinayalidwa, batire linalumikizidwa. Koma makina a kumeneko anangochizunguza kanthaŵi n'kuchilavula. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo ndiwo anandichititsa kufunsafunsa, ndipo zimene ndinapeza ndikuzipereka kwa inu makolo anzanga, pakuti safunsa anadya phula.

Zimbale za DVD zinayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1996, ndipo mu 1999 kampani ya Pioneer inatulutsa makina oti munthu azijambulira yekha kunyumba. Chaka chomwecho ndi chimene Television Malawi inayamba kuulutsa. Lero makampani ambiri analeka kupanga makina otere, kotero kuti amene timaŵapeza m'misika ndi pa kaunjika ndi ogwirapo kale ntchito m'maiko ena. Apa mpamene pafunika maso, chifukwa chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso loyamba likhale lakuti, "Makinaŵa achokera dziko liti?" Magetsi athu ndi a mphamvu ya 230 volts. A ku Japan ndi 100, a ku America 120. Mukalumikiza makina a kumeneko pakhoma popanda chochepetsera mphamvu, akhoza kupsa musanajambule kanthu. Kuonjeza apo, maiko aŵiriŵa ankatsata njira ya zithunzi yotchedwa NTSC, pamene ife timatsata PAL monga Britain. Makina ochokera ku Britain, tsono, ndiwo amatiyenera, ndipo pulagi yake ya mano atatu imaloŵa m'soketi zathu popanda kusintha.

Komatu ngakhale makina a ku Britain sangagwire okha mapulogalamu athu. Dziko lathu linasankha njira ya makono youlutsira yotchedwa DVB-T2, pamene makina ambiri akale anapangidwira njira zimene zinalipo iyo isanabwere. Munthu akhoza kuzika mlongoti wautali bwanji, makinawo sadzaona kanthu. Chofunika ndi kuŵalumikiza ku dikoda ndi nthambo zitatu zija, yachikasu ya zithunzi, yofiira ndi yoyera za mau. Tembenuzani makinawo muone ngati kumbuyo kapena kutsogolo kuli maenje otere olembedwa kuti IN. Ena ali ndi dzenje lalitali lotchedwa SCART lokha, limene limafuna kachipangizo kolumikizira. Musanyengedwe ndi dzenje la HDMI. Pa makina otereŵa limangotulutsa zithunzi, sililandira. Kumbukiraninso kuti makina amajambula chimene dikoda ikuonetsa. Mukachoka kupita ku msonkhano mutatchera nthaŵi, mwana n'kusintha tchanelo, mudzabwera kudzapeza mpira m'malo mwa nkhani.

Tsopano za zimbale, zimene zinandigwetsa ine. Chimbale cha DVD-R chimajambulidwa kamodzi kokha, ndipo cholakwa sichifafanizika. Cha DVD-RW chimafafanizika, monga bolodi ya m'kalasi, ndipo opanga ake amati chikhoza kutero pafupifupi ka 1,000. Palinso DVD+R ndi DVD+RW, za gulu lina la makampani, ndi DVD-RAM chimene Panasonic inkachikonda, koma makina ambiri oonetsera sachiŵerenga. Mitundu imene makina amalandira imalembedwa kutsogolo kwake. Ine ndingasankhe olandira DVD-R, popeza ndicho chopezeka msanga m'sitolo ndipo chimaseŵera pafupifupi paliponse. Koma chimbale chotere mukatha kujambula muyenera kuchitseka, posankha mau akuti Finalise pa rimoti. Chosatsekedwa chimaseŵera m'makina amene anachijambula, koma m'makina ena chimakana. Mnansi wanga uja anaiŵala zimenezi, ndipo ntchito ya mphindi zoŵerengeka inatiyendetsa ulendo wachabe.

Chimbale chimodzi chimasunga 4.7GB. Pa XP chimadzaza m'ola limodzi ndipo zithunzi zimakoma kwambiri. Pa SP chimatenga maola 2, pa LP maola 4, pa EP maola 6 kapena kuposerapo. Ogulitsa amakonda kutamanda maola ambiriwo, koma mukamapanikiza zambiri m'chimbale chimodzi, nkhope za anthu zimayamba kuchita mbuu. Kunena zoona, SP ndiyo yoyenera chilichonse chimene mufuna kusunga.

Ngati thumba lilola, gulani makina okhala ndi hard disk m'kati, olembedwa HDD. Ameneŵa amayamba asunga pulogalamu m'kati mwawo, inu n'kudula malonda ndi zina zosafunika, kenaka n'kusamutsira ku chimbale gawo lokhalo limene mulifuna. Phindu lina ndi la magetsi athu othimathimaŵa: akathima makina ali m'kati molemba pa chimbale, kaŵirikaŵiri chimbalecho chimaonongekeratu.

Ndinene poyera kuti si banja lililonse lifunika makina ameneŵa. Ma dikoda ena amajambula pa fulashi, ndipo wongofuna kuona madzulo nkhani zimene zinamupita masana, zimenezo zimukwanira. DVD siisunga zithunzi zoŵala za HD. Ubwino wake uli pa chimbale chogwirika m'manja, choti n'kutumiza kwa achibale, ndiponso pa matepi akale a VHS. Makina otsiriza oseŵerera matepi amenewo anapangidwa ndi Funai mu 2016, ndipo tepi ya ukwati wanu imene ili m'sutikesi ikudyedwa ndi nkhungu. Mukabwereka makina a VHS n'kuŵalumikiza ndi nthambo zomwe zija, mukhoza kuipulumutsa. Kwa anyamata amene aganiza kale zojambula mafilimu ndi nyimbo za eni n'kumagulitsa, ndingoti lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa, ndipo bungwe la COSOMA lilipo.

Tsiku logula, tengani chimbale chanu chatsopano. Diso loŵerenga ndi kulemba ndilo limayamba kutopa, ndipo makina akhoza kuonetsa bwino filimu koma n'kulephera kujambula. Pemphani wogulitsa ajambule mphindi zisanu inu mukuona, atseke chimbalecho, ndipo muchiyese m'makina ena pomwepo. Rimoti yake yeniyeni ikhalepo, pakuti popanda iyo kutchera nthaŵi ndi kutseka chimbale sikutheka pa makina ambiri. Wogulitsa akayamba kuzengereza, bwezani ndalama m'thumba.

Chimbale cha mzime wathu tinachibweza kwa mnansi, iye nachitseka, ndipo agogo ake anachiona pa Khirisimasi. Tinachilemba dzina ndi chaka, ndipo chimakhala m'chikwama chake m'kabati, kutali ndi dzuŵa.