APHUNGU, ASILIKALI NDI MADZI A M'PHIRI LA MULANJE

MULANJE MISSION. Munthu akaima pabwalo la tchalitchi cha pano m'mwezi wa October, phiri litabisika mu utsi wa moto wa m'tchire, sangaganize kuti waima pamalo oyenera kukambirapo za asilikali. Pano pali chipatala, sukulu ndi minda ya tiyi. Cobbe Barracks ili kutali ku Zomba, ndipo Nyumba ya Malamulo ili kutali koposa, ku Lilongwe. Komatu malamulo awiri amene dziko la Malawi lakhala nawo onena za ngozi zogwa mwadzidzidzi, onse anabadwa chifukwa cha madzi otsika m'mapiri a dera lino. Ndipo amene afuna kuyesa ntchito ya aphungu pa nkhani za chitetezo achita bwino kuyambira pomwepa.

NAPOLO KAWIRI, MALAMULO AWIRI

Mu March 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi nakokolola midzi ya ku Phalombe, kumene masiku amenewo kunali mbali ya boma la Mulanje. Anthu mazanamazana anafa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lotchedwa Disaster Preparedness and Relief Act, ndipo lamulolo linatumikira dziko zaka 32. Mphamvu yake yaikulu inali pa kupereka chithandizo ngozi itagwa kale: ufa, mabulangete, mahema. Bilu yoti ilowe m'malo mwake inalembedwa ndithu, koma inagonera m'maofesi zaka zingapo, poti nthawi zonse pamapezeka nkhani ina yooneka yofulumira kuposa iyo.

Tsono mu March 2023 kunafika namondwe wa Freddy. Mvula inagwa usana ndi usiku osaleka, mitsinje inasiya makwawa ake, ndipo miyala yaikulu ngati nyumba inagubuduka kutsika m'phiri. Pa 13 March Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, analengeza kuti m'Chigawo cha Kumwera mwagwa tsoka, ndipo pambuyo pake analamula masiku 14 a maliro a dziko lonse. Akufa pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000; osiya nyumba zao anapitirira 650,000. Aphunzitsi a kuno sasowa wowauza za masiku amenewo, pakuti makalasi ao ndiwo anasanduka zithando, ndipo ambiri a iwo anasiya choko nagwira kope lolembamo maina a mabanja olandira ufa.

Kumadera onga Muloza ndi Nkhulambe misewu ndi milatho inaduka, kotero kuti galimoto silikanafikako. Amene anapitako ndi asilikali a Malawi Defence Force, ena pamabwato, ena pansi, nafukula mitembo m'matope ndi manja ndi makasu. Maiko a Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege zao kudzathandiza. Palibe manyazi kuthandizidwa ndi mnansi pa tsiku la maliro. Koma funso lakuti dziko lili ndi mabwato angati ndi mahelikoputa angati amene angauluke lero, si funso la msilikali ayi. Ndi funso la bajeti, ndipo bajeti imadutsa m'manja mwa aphungu. Chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 April, choncho aphungu amakambirana za ndalama mu February ndi March, mvula ili pakati, mitsinje ili thothotho. Sipangakhale nyengo ina yowakumbutsa bwino kuposa imeneyi.

Mu April 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano, Disaster Risk Management Act. M'Nyumbamo munali aphungu a ku Mulanje amene anali atangochokera kumaliro a anthu ao. Ndipo Mtsogoleri wa mbali yotsutsa Boma pa nthawiyo anali phungu wa Mulanje Central, a Kondwani Nankhumwa, pamene Dr. George Chaponda anali kuimira Mulanje South West. Lamuloli linasintha poyambira. Likulamula kukonzekera ngozi isanagwe, kuyambira kulikulu kufikira kumakhonsolo, ndiponso likupatsa Boma mphamvu yotchula malo oopsa ndi kusamutsa anthu okhala pamenepo.

Apa ndipo pali povuta kwa Mulanje. Kunena kuti munthu achoke m'mphepete mwa mtsinje n'kwapafupi. Kumuonetsa kokhala ndiye ntchito. Boma lino lili ndi anthu othithikana kuposa maboma ambiri m'dziko muno, ndipo nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri ili ndi tiyi kuyambira masiku a atsamunda. Banja lomanga pamalo otsetsereka silichita dala. Lamulo linalembedwa bwino, koma kalaliki wa ku ofesi ya DC amene atumidwa kukaliwerenga pabwalo la mfumu adzafunsidwa za munda, ndipo yankho la funso limenelo silili m'thumba mwake.

KOMITI IMENE SIMWAZIKA

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amayesa kuti nkhani za asilikali n'za Mtsogoleri wa dziko yekha, poti iye ndiye mkulu wa magulu onse a nkhondo. Malamulo aakulu a dziko a 1994 satero. Ndime 162 inakhazikitsa Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za Asilikali ndi Chitetezo, ndipo inalamula kuti zipani zikhalemo molingana ndi mipando yao. Komitiyi ingathe kuitanidwa nthawi ina iliyonse, ngakhale aphungu ali patchuthi. Ndipo Nyumba ikamwazika poyembekeza chisankho, iyo imatsala kufikira ina itasankhidwa. Ndime 45 ikuti Mtsogoleri sangalengeze kuti dziko lili pachiopsezo, ndi kuyamba kulamulira ndi mphamvu zapadera, popanda chilolezo cha komitiyi. Amene analemba zimenezi anali atangoona zipolopolo za December 1993, pamene asilikali analanda zida za a Malawi Young Pioneers, ndipo anafuna kuti mfuti ikhale ndi woifunsa.

Ndime 160 nayo itchula ntchito za asilikali, ndipo imodzi mwa izo ndi kuthandiza akuluakulu a Boma ndi luso ndi zipangizo pa nthawi ya ngozi. Kotero msilikali wopalasa bwato ku Muloza sanali kuchita chifundo chabe. Anali pantchito imene malamulo anamupatsa, ndipo phungu ali ndi ufulu wonse wofunsa ngati anapatsidwa zogwirira ntchitoyo.

Kumudzi phungu amayesedwa ndi muyeso wina. Amamufunsa bokosi la maliro, fizi ya mwana, mjigo ndi malata a tchalitchi, ndipo amene akhala tsiku lonse m'komiti kuwerenga mapepala a ndalama za asilikali sabwera ndi chooneka m'manja. Palibe amene amamuvinira. Izi n'zachisoni, makamaka m'boma la m'malire ngati lino, limene linaona othawa nkhondo akulowa pa Muloza m'chaka cha 1986, tauni ya Milange itagwa m'manja mwa a Renamo. Limenenso mu September ndi October 2017 linatekeseka ndi mphekesera za anamapopa, anthu osalakwa naphedwa ndi magulu a anzao, mpaka a United Nations anachotsa antchito ao ku Mulanje ndi ku Phalombe. Apolisi ochepa, galimoto losowa mafuta, msewu wosapitika: zonsezi zili ndi mzere wake m'buku la bajeti.

NGONGOLE YAKALE

Pali ngongole ina yakale koposa, ndipo eni ake atsala ochepa. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatengawo ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo m'njira, osaombapo mfuti ngakhale kamodzi. Mu August 1918 magulu a King's African Rifles a ku Nyasaland anamenyana ndi Ajeremani pa Lioma, m'dziko la Alomwe tsidya la malire. Mbusa John Chilembwe anali atalemba kale kalata mu November 1914 yodandaula kuti Aafirika osauka akufera nkhondo imene si yao, nasiya amasiye opanda wowasamala. Iye anaphedwa pa 3 February 1915 m'boma lomwe lino la Mulanje monga linalili masiku amenewo, koma funso lake silinaikidwe naye m'manda.

Pa nkhondo yachiwiri ana a kuno anakafika ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Mu 2019 manyuzipepala a ku Britain anaulutsa chikalata cha Boma lao chosonyeza mphotho imene asilikali analandira potsiriza nkhondoyo. Msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa 10s. pa mwezi uliwonse umene anatumikira. Mwafirika wa udindo womwewo, 3s. 6d. Mphunzitsi angathe kupereka samu imeneyi kwa ana a Sitandade 8. Pa zaka 4, ndiyo miyezi 48, Mzungu anatenga £24, pamene mnzake wa ku Mulanje amene anagona naye m'dzenje limodzi anatenga £8 8s. Mu November 2018 Boma la Britain linalonjeza £11.8 miliyoni zoti asilikali akale a maiko a Commonwealth ndi amasiye ao azidya kawiri pa tsiku. Chithandizocho n'chothokozeka, ngakhale chinapeza ambiri atagona kale.

Chimene phungu mmodzi angachite pa nkhani yotere chinaoneka ku London. A David Lammy, phungu wa Tottenham, anayenda ku Kenya ndi ku Tanzania kufunafuna manda a Aafirika a nkhondo yoyamba, ndipo mu 2019 anaonetsa pa kanema zimene anapeza: Azungu ali ndi miyala yolembedwa maina, Aafirika ali m'thengo. Bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo lipoti lake la April 2021 linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, sanakumbukiridwe ndi maina ao, kapena sanakumbukiridwe konse. Nduna ya Asilikali, a Ben Wallace, inaimirira m'Nyumba ya Malamulo ya kumeneko nipepesa. A Lammy pa nthawiyo sanali nduna. Anali kumbali yotsutsa. Zida zao zinali funso, umboni ndi khama, ndipo zida zimenezi phungu aliyense wa ku Lilongwe ali nazo.

Wina angati zonsezi n'zakale. Si zakale konse. Mu November 2018 asilikali 6 a Malawi anafa pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo, ali pantchito ya United Nations. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu May 2019 banja lake linalandira ku New York mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene imaperekedwa kwa osonyeza kulimba mtima kopambana. Mu January 2025 enanso 3 anafa pa nkhondo ya kufupi ndi Goma, ali m'gulu la SADC, ndipo mwezi wotsatira Boma linalamula kuti asilikali athu ayambe kukonzeka kubwerera kwao. Aliyense wa amenewa anasiya abale, ndipo m'bale aliyense ali ndi fayilo yake mu ofesi ina. Kalaliki amene wagwira fayiloyo, ndi phungu amene afunsa chifukwa chake yachedwa, akugwira ntchito ya chitetezo monga mlonda wa pamalire.

Chisankho cha September 2025 chinabweretsa Nyumba yokulirapo, ya mipando 229 m'malo mwa 193, ndi Boma latsopano la Professor Arthur Peter Mutharika. Ambiri mwa aphunguwo ndi atsopano. Iwo apeza lamulo la 2023 lili kale m'buku, likudikira ndalama ndi malo. Apezanso bungwe la asilikali akale, la Veterans and Ex-Service League of Malawi, limene mu November chaka ndi chaka limagulitsa maluwa ofiira a chikumbutso kuti lipeze zosamalira okalamba ake.

Pa nkhani ya maina, pano pa Mulanje Mission pali poyambira. Mishoni za Church of Scotland zinali zosamala polemba za anthu ao, ndipo pano panatumikira zaka zambiri Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, mmodzi wa abusa awiri oyamba achikuda a Blantyre Mission, wodzozedwa mu 1911, amene yekha analemba buku la mbiri ya mishoniyo. M'midzi yozungulira muli agogo amene akukumbukira dzina la malume amene anatengedwa kukasenza katundu osabwerako. Mphunzitsi wa mbiri atatuma ana kukafunsa kunyumba, dzina la munthu, mudzi ndi mfumu yake, pakutha pa temu angakhale ndi mndandanda woti phungu auike patebulo la komiti. Ku Cape Town anthu a ku South Africa anachita kufufuza kotere m'mabuku akale, ndipo mu January 2025 anatsegula malo a chikumbutso okhala ndi nsanamira zoposa 1,700, iliyonse ndi dzina la wantchito mmodzi wa nkhondo yoyamba. Chipilala cha ku Zomba ndi cha asilikali a King's African Rifles; amtengatenga a ku Mulanje maina ao akadali m'kamwa mwa adzukulu.