Motoka ikayamba kutsokomola pa msewu wa ku Feira

Aliyense amene anayendapo ulendo wocokera pa mlatho wa Luangwa, pa msewu wa Great East, kutsikira ku boma la Luangwa, kumene ambiri timachulabe kuti Feira, adziwa kuti makilomita pafupifupi 90 amenewa si malo ofera motoka. Midzi ndi yotalikirana, dzuwa la m'cigwa liotcha ngati moto, ndipo kukayamba kuda njovu zimadutsa mumsewu.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala tinakwera Toyota Noah pamodzi ndi azimai ogula nsomba, kubwerera ku mlatho. Motoka inali kuthamanga bwino, koma dalaiva akangoima kuti anyamule munthu, injini inali kunjenjemera, kenaka n'kuzima. Titapitirira dera la Katondwe inazima kacinai. Dalaiva anadandaula kuti anali atagula kale mapulagi atsopano ndi koilo ku Lusaka, koma matenda osatha. Mnyamata wina wodziwa za umakanika amene tinali naye anatsegula boneti, nauza dalaiva kuti alize injini, iye n'kungochera khutu. Anamva kamluzu. Kapaipi kamphira kolowa ku injini kanali katauma ndi kutentha, n'kung'ambika. Anadula pong'ambikapo, nabwezera, ndipo tinafika pa mlatho nsomba zisanaonongeke.

Tafotokoza nkhaniyi cifukwa eni motoka ambiri ataya ndalama pogula zitsulo zimene sizinafe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Injini ya petulo ifuna zinthu zitatu: mpweya, mafuta ndi moto wa pulagi. Cimodzi cikacepa kapena kucuruka, injini idzakuuzani, ndipo nthawi imene ibvutira ndiyo iloza kumene kuli bvuto.

Tiyambe ndi motoka yonjenjemera itaima, koma yoyenda bwino mukaiponda. Injini yabwino ikatentha izungulira pakati pa 600 ndi 900 pa mphindi, ndipo singano ya pa dashibodi ikhala malo amodzi. Ngati singano ikwera ndi kutsika, kawirikawiri pali mpweya wolowera pambali, monga zinacitikira pa Noah ija. Kompyuta ya motoka ipima mafuta molingana ndi mpweya umene yawerenga, ndiye wolowera pa paipi yong'ambika usokoneza muyeso. Cina ndi mwaye wosakanikirana ndi fumbi umene umamatira pa khomo la mpweya, limene amakanika amati throttle body. Motoka ikaima, khomolo litsala pang'ono kutsekeka, conco litsiro locepa cabe likwanira kuitsamwitsa. Kutsuka pamenepa ndi mankhwala ake ndi nchito ya mphindi zocepa.

Nanga motoka imene ilira bwino itaima, koma mukaiponda pokwera citunda iyamba yakana, kenaka n'kudumpha? Apa yambani ndi sefa ya mpweya. Ngakhale msewu waukulu wa ku Feira unathiridwa phula pa nchito ya Link Zambia 8000 imene boma linayambitsa mu 2012, misewu yopatukira kumidzi ya Amfumu Mburuma ndi Amfumu Mphuka, ndiponso ya kumadoko a asodzi, ndi yafumbi. Motoka zimene timagula zakale kucokera ku Japan zinazolowera misewu yopanda fumbi lotere. Cotsani sefa, muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, gulani ina. Conde musayende popanda sefa monga acitira ena, pakuti fumbi lidya injini mkati, komanso liphimba kawaya kopima mpweya kamene kali pafupi ndi sefayo.

Sefa ya mpweya ikakhala bwino, ganizirani za mafuta. Pano ndipo pagona bvuto lalikulu la madera akutali ndi mizinda. Petulo wa m'zigubu ndi m'madilamu atha kukhala ndi dzimbiri, mcenga kapena madzi, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amathiramo palafini. Madzi ndi olemera kuposa petulo, conco amakhala pansi pa thanki, pomwe pampu ikokera. Kuyesa kwake n'kosabvuta: thirani petulo pang'ono m'botolo loonekera mkati, dikirani, ndipo ngati muli madzi mudzaona adzipatula pansi. Bungwe la Energy Regulation Board ndilo lipereka cilolezo cogulitsa mafuta m'dziko muno, ndipo wa pa msewu wopanda cilolezo simungamupeze mawa injini ikafa. Ngati simungacitire mwina, sefani ndi nsalu yoyera pothira.

Palinso cizolowezi cimene cipha mapampu ambiri: kuyenda thanki ili pafupi kuuma. M'motoka zambiri za masiku ano pampu ikhala mkati mwa thanki, ndipo petulo yemweyo ndiye aiziziritsa. Kuno kumene kutentha kupitirira madigiri 40 mvula isanagwe, pampu ya m'thanki yopanda kanthu itopa msanga. Cizindikiro cake ndi motoka imene izima itayenda mtunda, mukadikira kuti izizire ilira, kenaka izimanso. Mukatembenuza kiyi musanalize injini, mverani kumbuyo: pampu yamoyo ing'ung'udza kwa kamphindi.

Mapulagi ndi koilo zibwere pambuyo pa zonsezi. Bvuto la moto limveka ngati injini yopunduka, kugunda kwina kusoweka, makamaka m'mawa, mvula ikagwa, kapena mutasenza katundu. Masulani pulagi muone kumutu kwake. Yofiirira pang'ono ndi yabwino. Yakuda ndi mwaye ionetsa kuti petulo wacuruka kapena mpweya wacepa. Yonyowa ndi oilo ikuuzani kuti matenda ali mkati mwa injini, ndipo pulagi yatsopano sidzacedwa kudanso. Musaiwale zomangira za batire: zikakhwepa ndi mabampu, motoka izima mwadzidzidzi ngati wina wazimitsa.

Anzathu a ma Canter ndi motoka zina za dizilo alibe mapulagi otere. Kwa iwo adani ndi madzi ndi mpweya wolowa m'mapaipi a mafuta. Pansi pa sefa ya dizilo pali kotsegula kocotsera madzi, ndipo pamwamba kawirikawiri pali kapampu ka dzanja kocotsera mpweya. Dalaiva aliyense ayenera kudziwa pamene zili.

Nyali ya "check engine" ikayaka, musamatepo pepala. Pemphani makanika amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya motoka kuti aone. Ikamathwanima, cepetsani liwiro ndipo muime pamalo abwino, cifukwa petulo wosapsa akuononga za ku ekizozi. Koma dziwani kuti makinawo angoloza dera la bvuto. Asanakuuzeni kuti mugule citsulo, afunseni bwino: "Kodi amisiri, mwayesa ciani kuti mudziwe kuti cafa ndi cimeneci?" Makanika woona sakwiya ndi funso lotere.

Kwa inu onyamula anthu pakati pa mlatho ndi Feira, kumbukirani kuti tsiku lina mudzanyamula mai wodwala wothamangira ku cipatala ca Katondwe usiku. Motoka imene yayamba kunjenjemera lero ikonzedwe lero, isananyamuke pa siteshoni.