Kuziziritsa laputopu yakale kumaposa kusintha graphics card

BLANTYRE – Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, si ofesi iliyonse yomwe ingathe kugula makompyuta atsopano akale akayamba kuvuta. Kaamba ka ichi, akuluakulu ovomereza ndalama zokonzera katundu wa boma akuyenera kudziwa zomwe zingatheke ndi zomwe sizingatheke pamene graphics card ya laputopu yayamba kufooka.

Graphics card ndi kachipangizo komwe kamakonza zithunzi zonse zooneka pa sikirini. Kakayamba kuonongeka, pa sikirini pamaoneka mizeremizere kapena timabokosi ta mitundu yachilendo, ndipo nthawi zina laputopu imayaka koma osaonetsa kanthu.

Pa kompyuta ya padesiki, mmisiri amangozula kachipangizoka n'kulowetsa kena. Pa laputopu zinthu sizili choncho. M'malaputopu ambiri a muofesi, mbali yokonza zithunzi ili m'kati mwa purosesa momwemo, pomwe m'malaputopu ena inamatidwa pa motherboard ndi timadontho tambirimbiri ta mtovu. Apa ndiye kuti kusintha graphics card n'chimodzimodzi kusintha motherboard yonse, zomwe mtengo wake ungayandikire wa laputopu ina yogwiritsidwapo kale ntchito.

Malaputopu ochepa okha ndi omwe amalola kusintha kachipangizoka. Mu 2004 kampani ya Nvidia inakhazikitsa njira yotchedwa MXM, yomwe graphics card imakhala pa kabolodi kakekake kozuka. Njirayi imapezeka makamaka m'malaputopu akuluakulu okonzera mapulani a nyumba ndi mapu, monga ena a HP ZBook. Ngakhale pamenepo, kabolodi katsopano kayenera kukwana malo ake, kuvomerezedwa ndi BIOS ya makinawo, komanso kusafuna magetsi oposa omwe chaja imapereka.

Mdani wamkulu wa kachipangizoka ndi kutentha. Laputopu ikamatentha n'kuzizira tsiku ndi tsiku, timadontho ta mtovu tija timafufuma n'kunyala mpaka timang'aluka. Mu Julayi 2008 kampani ya Nvidia inalengeza kuti yapatula ndalama zapakati pa 150 ndi 200 miliyoni za ku America zolipirira zipangizo zake zomwe zinkafa msanga m'malaputopu. Vutoli linakhudza makina ena a HP, Dell ndi Apple okhala ndi GeForce 8400M ndi 8600M.

Mumzinda wa Blantyre, fumbi ndi dzuwa zimakulitsa vutoli. Ku Nyambadwe ndi madera oyandikana nawo monga Ndirande, fumbi limachuluka kuyambira mu Ogasiti kufikira mvula yoyamba, ndipo Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi yotentha kwambiri. Fani ya laputopu imakoka mpweya pamodzi ndi fumbilo, lomwe limaunjikana potulukira mpweya mpaka kutsekapo ngati thonje. Wogwira ntchito m'boma akatengera laputopu kunyumba n'kuikhazika pa bedi kapena pa sofa, amatsekanso mabowo a pansi olowera mpweya.

Kuziziritsa makinawa sikulira ndalama zambiri. Mmisiri amayamba wachotsa batire, kenaka n'kumasula fani ndi kapaipi ka mkuwa komwe kamasamutsa kutentha. Akachotsa fumbi, amapukuta phala lakale lotchedwa thermal paste, lomwe limauma pakapita zaka, n'kupakapo latsopano pang'ono chabe. Timapepala tofewa totchedwa thermal pad tiyenera kusinthidwa ndi tina tokhuthala mofanana, chifukwa tokhuthala kwambiri timanyamula mkuwa uja kuti usakhudze bwino kachipangizoko. Fani yomwe ikusokosera kapena kuima iyenera kusinthidwa.

Mapulogalamu aulere monga HWMonitor ndi GPU-Z amaonetsa kutentha kwa makina. Laputopu ikamafika madigiri 90 pa ntchito wamba monga kulemba makalata, ndiye kuti yafunika kutsegulidwa. Ofesi ingapemphe mmisiri kuti aonetse manambalawa ntchito isanayambe komanso itatha, monga umboni wakuti ndalama zagwira ntchito yake.

Njira yofunika kusamala nayo ndi yowotcha kachipangizo kakufa ndi mpweya wamoto kuti mtovu usungunuke n'kugwirananso. Laputopu imatha kuyakadi, koma kawirikawiri vutoli limabwerera pakangopita masabata kapena miyezi yochepa. Phindu lenileni la njirayi ndi mpata wopulumutsira mafayilo.

Ofesi isanatumize makina kwa amisiri a m'tauni kapena ku Limbe, ndi bwino kusunga mafayilo kwina ndi kuchotsa hard disk ngati muli zinsinsi za boma kapena mbiri za anthu, poganizira lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la mu 2024.

Pomaliza, akuluakulu ayenera kuona msinkhu wa makinawo. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo malaputopu ambiri akale sakwaniritsa zofunika za Windows 11. Laputopu yomwe ikungotentha ndi yofunika kuipukuta fumbi chaka ndi chaka dzuwa la Okutobala lisanafike, koma yomwe graphics card yake yomatidwa yafa kale ndi yofunika kuichotsa m'kaundula motsata malamulo a bungwe la PPDA ogulitsira kapena kutaya katundu wa boma.