Zilembo Zinayi za Chibadwa: Mawu Ofotokozera Ntchito ya DNA

Mlimi wa kachewere ku Bembeke, m'mapiri a Dedza, akabzala mbewu ya Rosita amadzakumba Rosita yemweyo wa khungu lofiira. Chimene chimasunga mtunduwo ndi DNA, ndiye kuti malangizo olembedwa m'phata la selo lililonse. Alembi ambiri akafika pankhaniyi amangoti "zili m'magazi", chonsecho kachewere alibe magazi. M'selo mumachitika ntchito zitatu zosiyana, ndipo iliyonse ifunika dzina lake. Maina akasakanizika, wophunzira amaloŵeza popanda kumvetsa.

1. Kalembedwe ka DNA

M'chaka cha 1953 James Watson ndi Francis Crick, ku Cambridge, adafotokoza maumbidwe a DNA mothandizidwa ndi kafukufuku wa Rosalind Franklin wa ku London. DNA ili ngati zingwe ziŵiri zopotana. Pachingwe chilichonse pandandalikidwa timagawo ta mitundu inayi timene timaimiridwa ndi zilembo A, T, G ndi C. Lamulo lake n'losasintha: A wa chingwe china amagwirana ndi T, pamene G amagwirana ndi C. Motero wodziŵa chingwe chimodzi wadziŵa kale chinzake.

2. Kukopera

Selo lisanagaŵike, zingwe ziŵirizo zimalekana, ndipo chilichonse chimasanduka chitsanzo chopangira chinzake chatsopano. Mmisiri wake ndi puloteni lotchedwa DNA polymerase, limene limaika chilembo chimodzichimodzi n'kumachotsanso cholakwika monga achitira mkonzi wa buku. M'chaka cha 1958 Matthew Meselson ndi Franklin Stahl adatsimikiza kuti DNA yatsopano imakhala ndi chingwe chimodzi chakale ndi chimodzi chatsopano.

Popeza kachewere amabzalidwa kuchokera kumbatata yake, osati kunjere za maluŵa, mbewu yomera imalandira malangizo a kholo lake osasakanizika. Alimi akamadandaula kuti mbewu yatopa, kaŵirikaŵiri vuto silikhala kukopera kolakwika, koma mavairasi amene amachuluka m'mbewu yobwerezedwa chaka ndi chaka.

Mneni woyenera pano ndi "kukopera", monga wophunzira akopera zapabolodi. "Kukopa" apeŵedwe, pakuti amatanthauzanso kunyengerera. "Kubereka" nayenso sayenera, chifukwa DNA payokha si chamoyo.

3. Kulemba uthenga

DNA situluka m'phata kukagwira ntchito. Gawo lake lokhala ndi malangizo a puloteni, limene limatchedwa jini, limalembedwa pakachingwe kamodzi ka RNA, ndipo kachingweko ndiko kamatuluka ndi uthenga. RNA imalemba U pamene DNA ikadalemba T. Apa sakopera buku lonse, koma ndime yokhayo yofunika panthaŵiyo. N'chifukwa chake ntchitoyi iyenera dzina lina.

4. Kumasulira

Kunja kwa phata uthengawo umafika pakamakina kotchedwa ribosome, kamene kamaŵerenga zilembo zitatuzitatu. Zilembo zinayi zikasanjidwa chomwecho zimapanga mawu 64. Mwa mawuŵa, 61 amatchula maamino asidi 20 amene amalumikizidwa ngati mikanda kuti apange puloteni, ndipo atatu otsalawo ndi mpumiro. AUG ndiye amatsegula chiganizo. Liwu loyamba kudziŵika tanthauzo lake lidali UUU, limene Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei adalimasulira mu 1961.

Puloteni lisamangomasuliridwa kuti "chakudya chomanga thupi". Mapuloteni ndiwonso antchito a m'selo: ndiwo amakonza utoto wofiira wa khungu la Rosita ndiponso ufa wa m'kati mwake.

5. Kulemera kwa chilembo chimodzi

Mkonzi aliyense amadziŵa kuti "pala" si "phala". Mu DNA namonso ndi chimodzimodzi. Matenda a sickle cell, amene amapezeka m'Malaŵi muno, amayamba pamene GAG wasanduka GTG m'jini la hemoglobin, puloteni lonyamula mpweya m'thupi. Vernon Ingram adaonetsa mu 1957 kuti amino asidi mmodzi yekha ndiye wasintha, koma zimenezo n'zokwanira kupinda maselo ofiira ngati chikwakwa. Kaŵirikaŵiri mwana amadwala akalandira jini lotere kuchokera kwa makolo onse aŵiri. Choncho mlembi wonena za "magazi oipa a kuchikazi" amasenzetsa mayi mlandu wosakhala wake. Ndipotu maselo ofiira okhwima a munthu alibe n'komwe phata losunga DNA.

6. Zoyenera kutsata polemba

Maina a DNA ndi RNA alembedwe m'zilembo zazikulu ndipo atenge agwirizanitsi a gulu la I-Zi: DNA ili, RNA yatuluka. Selo, jini ndi puloteni aikidwe m'gulu la Li-Ma: selo limodzi, maselo aŵiri, jini ili, majini aŵa. Liwu loti "chibadwa" lisungidwire zimene chamoyo chimalandira kwa makolo, osati DNA yeniyeniyo. Koposa zonse, m'buku limodzi kukopera, kulemba uthenga ndi kumasulira zisasinthane malo kuyambira tsamba loyamba kufikira lomaliza.