Lole yakale ingasanduke wekishopu yoyendera midzi

Kuseri kwa nyumba ya ansembe pa parishi yathu kuli lole imene yakhala ciimire kwa zaka zinai. M'masiku ake inatuta njerwa za machalichi atatu, inanyamula makwaya ndi maliro, koma lero nkhuku ndizo ziikiramo mazira. Pa msonkhano wa akulu a mpingo wapitawu ena anati tiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Tisanavomereze zimenezo, tafuna kuika ganizo lina pamaso pa Akhristu ndi alimi anzathu, popeza malole otere ali m'maparishi ndi m'makopaletivu ambiri kuno kum'mawa.

Ku Ulaya, makamaka ku Germany, kuli anthu amene amagula magalimoto akale ozimitsira moto kapena a asilikali, a mtundu wa Mercedes, MAN ndi Magirus, nkuwasandutsa nyumba kapena wekishopu yoyenda. Pamwamba amaika mapanelo a sola, m'kati mabatire, thebulo ndi zipangizo. Kwa iwo ndi nchito yosangalatsa mtima pa chuthi. Koma zimene anzathuwo amacita pofuna kusangalala, kuno kwathu zingapulumutse munda.

Tonse tidziwa kuti pulawo sithyoka mu Julayi. Imathyoka mu Novembala kapena Disembala, mvula itagwa, ng'ombe zili m'goli. Mlimi amamanga citsuloco pa njinga nkupalasa tsiku lathunthu kupita ku Katete, Petauke kapena Lundazi kukafuna wowocherera. Akafika angapeze kuti malaiti kulibe. Zotere tinaziona mu 2015 ndi mu 2019, ndipo zinafika poipa mu 2024, pamene madzi anacepa kwambiri ku Kariba. Caka cimeneco boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika Sepitembala malo ambiri anali kukhala maola oposa 20 opanda malaiti. Amisiri a m'tauni anali kuwocherera pakati pa usiku. Mlimi amene wataya masiku atatu pa msewu wabzala mocedwa, ndipo cimanga cobzala mocedwa sicidzaza nkhokwe.

Wekishopu yoyenda ndi mphamvu yakeyake ingatembenuze ulendo umenewu, kuti mmisiri ndiye alondole mlimi. Lolemba ili pa chalichi cakuti, Lacitatu pa cina, ndipo anthu abwera ndi mapulawo, ngolo, njinga, mafelemu a zitseko ndi zitsulo za mjigo wa India Mark II umene wakhala wakufa miyezi. Komabe tisathamangire kugula mapanelo tisanawerenge masamu, cifukwa ambiri amene analephera ndi sola analepherera pomwepa.

Tiyambe ndi dzuwa. Panelo imodzi ya mawati 450 ndi yaitali mamita awiri, m'lifupi mita imodzi ndi pang'ono, ndipo imalemera makilo ngati 25. Pa denga la lole ya matani asanu pangakwane mapanelo anai, ndiwo mawati 1,800. Dzuwa la kuno limapereka mphamvu yokwanira kwa maola ngati asanu pa tsiku, motero pa pepala tipeza mayuniti 9, ofanana ndi aja amene a m'tauni amagula ku ZESCO. Tikacotsako zotayika kaamba ka kutentha, fumbi ndi mawaya, tiyembekeze mayuniti 6 kapena 7.

Nanga mayuniti amenewa agwira nchito yanji? Gulayinda yaing'ono imadya mawati ngati 800, dirilo ndi yocepera apo. Makina owocherera ang'onoang'ono amakono, aja opepuka onyamula ndi dzanja limodzi, amadya mawati 3,000 mpaka 4,000, koma pokhapokha moto uli kuyaka pa citsulo. Ndodo imodzi ya mamilimita 2.5 imatha m'mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye kuti ndodo 40 sizingathe ndi mayuniti anai omwe, ndipo ndodo 40 ndi mapulawo ambiri. Cimene sicingatheke ndi makina akale olemera aja okulunga mawaya amene timaona m'misika. Amenewo amakoka mphamvu yaikulu poyamba ndipo amazimitsa inveta. Ngakhalenso cigayo tisaciganizire nkomwe pa mapanelo anai. Inveta yoyenera nchito imeneyi ikhale ya mawati 5,000.

Mabatire ndiwo amadya ndalama zambiri, ndipo ndi pamene anthu amanamizidwa. Batire yolizira injini siyenera kugwiritsidwa nchito pa wekishopu. Inapangidwa kuti ipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi cabe, ndipo mukamaikhuthula tsiku ndi tsiku imafa m'miyezi yowerengeka. Mabatire a asidi opangira sola ali bwino, koma safuna kutsika kupyola theka. Anai a 12V 200Ah amalemera pafupifupi makilo 240 ndipo angatipatse mayuniti ngati asanu. Batire imodzi ya lithiamu ya mtundu wa LiFePO4, ya 48V 100Ah, imasunga mayuniti asanu omwewo, imalemera makilo ngati 50, ndipo imakhala zaka zambiri. Pogula ndi yodula, koma amene wagulapo mabatire a asidi kawiri adziwa cimene cili cochipa.

Pali zinthu zitatu zokhudza moyo wa munthu zimene sitiyenera kuzipeputsa. Coyamba, mabatire a asidi akamalowa moto amatulutsa mpweya umene umaphulika ukakumana ndi nthethe. Motero akhale m'bokosi lawolawo lopita mphepo, ndipo kuwocherera kucitikire panja, pansi, osati m'kati mwa lole. Caciwiri, pakhale fyuzi pafupi ndi batire ndiponso mawaya aakulu oyenera. Waya waung'ono umatentha nkuyatsa moto. Cacitatu, zolemera zonse, monga mabatire, vaisi ndi jenereta, zimangidwe ndi mabauti pansi, pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Lole yolemera kumwamba imagwa mosavuta pa misewu yathu ya makwawa. Ndipo isanatuluke pa geti, ikayesedwe ku RTSA, ikhale ndi inshuwalansi, ndi kuwadziwitsa ngati bodi yasinthidwa.

Tikumbukirenso kuti mwezi wa Januwale ndi Febuluwale mitambo imaphimba dzuwa masiku angapo motsatizana. Kajenereta kakang'ono kokhala pambali sikocititsa manyazi. M'cilimwe mdani ndi fumbi: mapanelo apukutidwe ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mamawa asanatenthe. Lole iimikidwe poyera, cifukwa mthunzi wa nthambi imodzi ya mango umatsitsa mphamvu ya mzere wonse.

Tsono tifike pa nkhani imene imatipweteka. Akulu anati walira mvula walira matope. Lole imafuna dizilo, matayala ndi dalaivala, ndipo zinthu za gulu kawirikawiri sizifa ndi ukalamba, zimafa ndi kusowa mwini. Taonapo zigayo ndi njinga zamoto za mpingo zimene aliyense anali kugwiritsa nchito koma palibe amene analemba kanthu m'buku. Lole yathuyi inaima cifukwa comweco: tsiku limene kilachi inatha, m'thumba munalibe ngwee. Ngati tiyamba nchitoyi, pakhale mmisiri mmodzi wolandira malipiro ndi wosunga makiyi, mitengo ilembedwe poyera, ndalama zisungidwe ndi anthu atatu, ndipo lipoti liwerengedwe m'chalichi mwezi ndi mwezi. Gawo lina lipatulidwe kuyambira tsiku loyamba kuyembekeza batire yatsopano. Ngongole isaloledwe, ngakhale kwa katekisiti. Amene alibe ndalama angalipire ndi nshawa kapena cimanga pokolola, koma zilembedwe.

Tisanaononge kwacha iliyonse, makanika wodalirika aone injini, mabuleki ndi cimango ca pansi. Akapeza kuti kukonza kwake kuposa mtengo wa mapanelo ndi mabatire, tivomereze kuti loleyo yatha. Ganizo lokha silinafe. Mapanelo awiri, batire imodzi, makina owocherera ndi vaisi zingakwere pa ngolo ya ng'ombe nkufika ngakhale kumene lole singadutse m'dzinja. Kapenanso bodi ya loleyo ingakhazikidwe pa chalichi ca pakati nkukhala wekishopu yokhoma ndi loko.

Tili ndi anyamata ndi atsikana amene anaphunzira kuwocherera ndi zamagetsi m'masukulu a umisiri, ndipo lero akhala pa khonde cifukwa alibe zipangizo. Pa 1 Meyi timakumbukira Yosefe Woyera mmisiri, cikondwerero cimene Papa Pius XII anakhazikitsa mu 1955. Tipempha mabungwe athu ang'onoang'ono ndi makopaletivu kuti akambirane nkhaniyi lisanafike tsikulo, kuti ngati tagwirizana, nchito iyambe m'cilimwe. Mvula ikadzagwa mu Novembala, mapulawo adzathyokanso monga mwa zaka zonse.