Mpweya ndi Ubongo wa Mwana Wosabadwa

Mayi, mwana amene ali m'mimba mwanu sapuma yekha. Mpweya wa okosijeni amaulandira kuchokera m'magazi anu, kudzera m'nsengwa ndi mumchombo. Mpweyawu ukachepa, ubongo wake wanthete umavulala msanga.

Kodi chimachepetsa mpweyawu nchiyani? Kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, fodya ndiponso malungo, pakuti tizilombo ta malungo timaunjikana m'nsengwa. Tizilombo tina, monga ta chindoko, timadutsa nsengwa ndi kumufika mwanayo. Pamene thupi likulimbana nato, ubongo umatupa, ndipo ubongo wotupa supirira mpweya ukachepa. Mavuto aŵiriŵa akakumana, mwana angathe kubadwa wakufa, kapena kukula ndi khunyu kapena ziŵalo zopuwala.

Tsono chitani izi:

1. Yambani sikelo mimba isanapitirire miyezi 3, ndipo mupiteko maulendo 8.
2. Yezetsani magazi pamodzi ndi bambo akunyumba.
3. Imwani mankhwala oonjezera magazi ndi a SP oteteza malungo, monga anamwino akuuzirani.
4. Gonani m'masikito usiku uliwonse.

Thupi likatentha, nsupa ikasweka nthaŵi isanakwane, kapena mwana akasiya kugunda, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala msanga.