Chidindo, phala ndi simbi ya makala

Thonje limachoka kuno kuchigwa cha Shire lili loyera mbee, lomangidwa m'mabelo, n'kukwera phiri kudzera pa Thabwa. Nsalu ikamatsika njira yomweyo imabwera ili ndi maluwa kale, ndipo ambiri a ife timangoti maluwawo ndi nkhani ya makina, munthu wamba sangaiyambe. N'zoona kuti fakitale ngati ya Mapeto ku Blantyre, imene akuluakulu amaitchulabe kuti David Whitehead, imasindikiza pa tsiku limodzi nsalu yochuluka kuposa imene ine ndingadinde pa chaka. Koma zimene makinawo amachita ndi zomwe dzanja lakhala likuchita kuyambira kalekale: kuika utoto pamene ukufunika, kuutchinga pamene sukufunika, ndi kuuchititsa kuti ugwire. Ine ntchito yanga ndi kudinda nsalu ndi mapepala pamanja, komanso kuphunzitsa magulu a amayi ndi achinyamata kuno kwa Katunga, ndipo zida zambiri za ntchitoyi inu muli nazo kale pakhomo.

Dera lino si lachilendo ku nkhani ya nsalu. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawo zotchedwa machila. Katunga, yemwe dzina lake lili pa dera lino, adali mmodzi mwa Amakololo amene adatsala kuno Livingstone atachoka mu 1864. Kenaka dooko la kwa Katunga lidasanduka potsitsira katundu wa sitima za African Lakes Company, kampani yomwe idayamba mu 1878, ndipo pakati pa katunduyo padali mabelo a nsalu za kunja, zimene azungu ankalipira nazo antchito ngati ndalama. Nsalu yobwerayo itachuluka, kuwomba kudayamba kuzilala. Sindikunena kuti tibwerere kukawomba machila. Ndikungoti manja a kuno adaidziwapo nsalu kuyambira kumunda mpaka m'chiuno, ndiye kuikapo duwa sikungatikanike.

Poyambira pabwino ndi chidindo. Tengani chinangwa chachikulu kapena mbatata, muidule pakati ndi mpeni wakuthwa kuti nkhope yake ikhale yosalala, mujambulepo tsamba kapena nsomba, n'kusema ndi lezala. Pamene mwasema n'kuchotsa sipadinda. Chotsala pamwamba ndicho chimanyamula utoto. China n'chakuti zonse zimatuluka motembenuka, za kumanja zimapita kumanzere. Pa tsamba palibe vuto, koma pa dzina la sukulu kapena la mpingo nsalu yonse imaonongeka. Njira yake ndi yapafupi: lembani mawuwo ndi pensulo yakuda bwino pa pepala lopyapyala, mulivundikire pa chidindocho, mukhule kumbuyo ndi chikhadabo. Zilembo zimatsalira potembenuka kale, inu n'kungotsata.

Chinangwa n'chophunzirira chabe, chifukwa ndi kutentha kwa kuno chimafota tsiku lomwelo. Chidindo chokhalitsa ndimachipanga ndi rabala imene osoka nsapato amagula yopangira zidendene, kapena chubu chakale cha tayala la galimoto chodula ndi sizasi, n'kumata pa kathabwa kokhala ndi chogwirira. Chosemera mizere yaing'ono musachifune kusitolo. Nthiti ya ambulera yakutha imakhala ndi kangalande pakati. Iduleni kutalika ngati chala, inoleni kunsonga pa mwala, mbali inayo muikhomere m'kamtengo. Imasema mzere woonda wooneka bwino zedi, ndipo mukamasema dzanja logwira rabala likhale kumbuyo kwa nsongayo, osati kutsogolo. Ku Ghana, m'mudzi wa Ntonso, anthu odinda nsalu za adinkra amasema zidindo zawo pa zidutswa za chikho, chomwechi timamwera thobwa kunochi.

Tebulo lodindirapo lisakhale louma gwa. Yalani bulangete lakale lopinda kawiri, pamwamba nsalu ina yosafunika, kenaka nsalu yanuyo yokoka bwino ndi yobaya mapini m'mbali. Kufewako ndiko kumathandiza kuti chidindo chikhudze paliponse. Chidindo musachiviike mu utoto, utotowo upakeni pang'ono pa siponji, chidutswa cha matiresi akale chimakwana, n'kumagunditsa chidindo pamenepo. Mukachiika pa nsalu kanikizani ndi chikhatho, osachigwedeza, n'kuchinyamula molunjika. Kuti mizere isakhote, kokani ulusi kuchoka mbali ina kufika ina muzitsata umenewo.

Zonsezi munthu amazigwira sabata imodzi. Pamene pagona luso ndi pa funso limene mayi aliyense amafunsa akagwira nsalu yanga pamsika wa Dyeratu: “Achimwene, kodi imeneyi siisuluka?” Amafunsa chifukwa adagulapo tisheti ya chikondwerero imene idatha mawu itangochapidwa kawiri. Kusulukako si tsoka, kuli ndi zifukwa zake zodziwika.

Utoto wa nsalu ulipo wa mitundu iwiri. Woyamba ndi penti ya nsalu, imene ambiri timadindira. M'kati mwake muli timibulu ta mtundu tosasungunuka, ndi guluu woonekera amene amatimata pa ulusi. Guluuyo akangouma ndi mphepo amaoneka ngati wagwira, koma salimba mpaka atapsa ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 150. Wachiwiri ndi dayi, amene amasungunuka m'madzi n'kulowa m'kati mwa ulusi. Dayi wabwino wa thonje amafuna soda wochapira kuti alumikizane ndi ulusiwo, ndipo pa nsalu ya poliyesita sagwira n'komwe. Penti ya m'nyumba, ya mafuta kapena ya khoma, ilibe malo pa nsalu yovala: imauma gwa n'kuyamba kung'aluka.

Cholakwa choyamba chimachitika munthu asanatsegule n'komwe chitini. Nsalu yatsopano, makamaka bafuta, imabwera ndi sitachi ya kufakitale yoilimbitsa. Mukadinda osaichapa, utoto umamatirira pa sitachiyo, ndipo tsiku lochapa zimachokera limodzi. Ichapeni ndi sopo, itsukuluzeni bwino, iume, muisite. Ngati mwagula mashiti a pabedi a kaunjika, amene ndi otchipa ndiponso abwino kuphunzirira, sololani kaulusi mukayatse ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita imasungunuka n'kusiya kambulu kolimba, ndipo nsalu yotere singapirire simbi yotentha imene penti ikufuna.

Cholakwa chachiwiri ndi cha kuno kwathu makamaka. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, penti imayamba kuuma pa siponji musanamalize mzere, ndiye dzanja limathamangira ku madzi. Madontho ochepa alibe kanthu, koma mukaonjeza kaonjezeni mukusungunula guluu uja, ndipo mtundu umatsala wopanda choumata. Nsalu imaoneka bwino patebulo, n'kudzasuluka m'beseni la wogula. Ine nyengo imeneyi ndimayamba kudinda kukangocha, pamthunzi, ndimatapa penti yochepa nthawi imodzi n'kutseka chitini, ndipo dzuwa likakwera ndimasiya.

Chachitatu ndi kuthamangira kugulitsa osasita. Nsalu iume tsiku lathunthu. Kenaka itembenuzeni, yalani kansalu kopyapyala pamwamba, muisite mphindi zitatu mpaka zisanu pa chigawo chilichonse, simbi ikuyenda pang'onopang'ono osaima. Sindikunena mphindi zisanu pa chitenje chonse, koma pa malo aliwonse okula ngati mpango wa m'thumba. N'zotopetsa, ndipo ndipamene ambiri amabera. Magetsi safunika, simbi ya makala imafika kutentha kumeneku bwinobwino, bola muyambe mwaiyesa pa kachidutswa kuti isawaule nsalu. Pa ntchito iliyonse dindani kachidutswa kapadera, mukasite chimodzimodzi, mukachape ndi sopo n'kukakhula ndi nsalu yoyera. Nsalu yoyerayo ikatenga mtundu, bwererani ku simbi musanapereke katundu kwa mwini wake.

Dzuwa lomwe limavutitsa penti lili ndi ntchito ina imene limatichitira bwino kuposa kumapiri. Iyi ndi njira ya phala, yotchinga utoto m'malo moudinda. Sakanizani fulawa ndi madzi ozizira mpaka zikhale ngati phala la mwana, lopanda mibulu, muthire m'botolo la pulasitiki loboola pachitsekero, n'kumajambula pa nsalu pofinya botololo. Yanikani padzuwa. Phala likamauma limakoka nsalu n'kuikwinyakwinya, ndipo likauma gwa mukhoza kulithyolathyola ndi manja kuti utoto udzalowe m'ming'alu n'kusiya timizere tokongola tomwe palibe chidindo chingatipange. Pakani penti ndi burashi pakati pa mizereyo, iume, muisite, kenaka muviike nsaluyo m'madzi n'kupala phala ndi supuni. Pamene padali phala pamatsala poyera. Poyanika ikani mwana alondere, chifukwa mbuzi ndi nkhuku zimadziwa kuti chimenecho ndi chakudya. Njirayi si yongosewera: ku Mfuwe, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, kampani ya Tribal Textiles yakhala ikuigwiritsa ntchito kuyambira mu 1991 ndipo nsalu zake zimagulitsidwa kunja. Ku Zimbabwe amachita ndi phala la ufa wa chimanga, ndipo Ayoruba a ku Nigeria amatchinga ndi phala la chinangwa pa nsalu zawo za adire.

Za matisheti a sukulu ndi a kwaya, amene achinyamata ambiri amafuna, njira yake ndi sefa: nsalu ya timabowo tating'ono yokoka pa felemu, yotsekedwa paliponse kupatula pamene pali mawu, n'kukankha penti ndi mphira. Mukhoza kuyamba ndi mawu odula pa pepala lolimba. Mukangomaliza tsukani sefayo nthawi yomweyo, chifukwa penti ikaumira m'timabowo sefa yatha.

Pa pepala zinthu zimapepuka, poti palibe kuchapa kapena kusita. Chidindo chomwe chija chigonekeni chagada, chipakeni inki yopyapyala, ikani pepala pamwamba, n'kukhula kumbuyo ndi msana wa supuni mozungulirazungulira. Kwezani ngodya imodzi musuzumire. Pamene sipadagwire bwezerani mukhulenso. Inki yochuluka imatseka mizere yaing'ono imene mudavutika nayo posema. Umu ndi momwe timapangira makadi a ukwati ndi zithunzi zimene alendo opita ku Majete ndi ku Lengwe angagule, ndipo pepala lopanga pamanja, longa limene bungwe la PAMET lidadziwika nalo ku Blantyre, limamwa inki mokoma. Wina asaone ngati ndi luso laling'ono: John Muafangejo wa ku Namibia, amene adaphunzira ku Rorke's Drift ku South Africa ndipo adamwalira mu 1987, adatchuka m'mayiko ambiri ndi zithunzi zosema n'kudinda, zakuda ndi zoyera basi.

Anthu amandifunsanso za utoto wa mitengo. Wambiri wa masamba ndi maluwa umakongola sabata imodzi n'kuthawa padzuwa, ndipo si chilungamo kuugulitsa ngati wokhalitsa. Umene ndimaukhulupirira ndi wa makungwa owiritsa wokumana ndi chitsulo: viikani nsalu m'madzi a makungwa, iume, kenaka mujambule ndi madzi omwe mudaviikamo misomali ya dzimbiri. Pamene akhudza pamada pomwepo, ndipo kudako kumakhalitsa. Ndi zomwezo zimachitika pa nsalu za matope za ku Mali zotchedwa bogolan. Makungwa mutenge pa nthambi zodula kale, osasenda mtengo wamoyo, poti mitengo kuno yatsala yowerengeka. Madzi otsukira penti ndi dayi muwakumbire dzenje kutali ndi mjigo, asapite ku Shire.

Chimene chimandipweteka ndi kuona wophunzira waluso akutha mwezi kukopera duwa la pa chitenje cha m'sitolo kapena chizindikiro cha kampani ya nsapato. Pamenepo makina adzakuposani nthawi zonse, pa ukhondo ndi pa mtengo. Chimene fakitale ilibe ndi mlambe wa kumunda kwanu, mgwalangwa, ngala ya mapira, mlamba, bwato la pa Shire, ndi dzina la gulu la amayi khumi ndi awiri amene akufuna zitenje khumi ndi ziwiri zokha. Oda yaing'ono chotere fakitale siilandira, koma inu mungaimalize sabata imodzi. Powerengera mtengo musaiwale makala a m'simbi ndi maola ositira, ndipo popereka nsalu muwauze eni ake kuti adikire sabata asanaichape koyamba, asaiviike mu jiki, ndipo aziyanika motembenuza, pamthunzi.